Thobwa ndi Makala: tsiku la 33

M'mawa uno Makala, imodzi mwa mbira zanga ziwiri, wadya kachidutswa ka gwafa ali pamwendo panga. Ndati ndilembe msanga mmene tafikira pamenepa, chifukwa masabata awiri oyamba ndinkaona ngati ndangotaya ndalama.

Mbira ziwirizi ndinagula kwa mnyamata wina ku Lunzu, zonse zazikazi. Ndinasankha dala. Bere la mbira limangotenga miyezi iwiri ndi masiku owerengeka, ana n'kubadwa ali kale ndi ubweya, maso ali otsegula, ndiye ukaika yaimuna ndi yaikazi pamodzi, chaka chisanathe khola ladzaza. Imodzi yokha sindinafunenso, poti mbira ndi nyama ya pagulu. Ku Switzerland mpaka lamulo limaletsa kuweta imodzi yokha. Mnyamata uja anazitola pamsana n'kuziponya m'katoni ya sopo, ndipo ulendo wonse wa paminibasi mpaka kuno ku Chilomoni sizinalire ngakhale kamodzi.

Sabata yoyamba wolakwa ndinali ine. Ndikaweruka kuntchito ndinkathamangira kukhola, kuvundukula chitseko cha pamwamba n'kupisa dzanja kuti ndigwireko imodzi. Zinkati balala, kenako n'kukauma gwa pakona, maso tong'o. Ine n'kumati zayamba kuzolowera poti zakhala phee. Ayi ndithu, anali mantha. Kwawo kwa mbira zotere ndi ku mapiri a Andes, cha ku Peru ndi Bolivia, ndipo makolo ake akutchire ankagwidwa ndi mbalame zolusa. Chilichonse chotsika kuchokera kumwamba, kwa mbira ndi kabawi basi. Dzanja langali linali kabawi wobwera tsiku ndi tsiku 5 koloko madzulo.

Ndinaitana kalipentala kuti aboole chitseko cham'mbali. M'kholamo ndinaikamo makatoni awiri, iliyonse ya makomo awiri, kuti yothawa isamaone ngati yatsekeredwa. Kugwira ndinasiyiratu. Ntchito yanga inangokhala kuyala mkeka pakhonde, kugona chammbali pafupi ndi waya, n'kumayankhula motsitsa mawu. Zoyankhula zikatha ndinkaziwerengera nyuzi, mpaka zotsatira za mpira. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anandipeza ndili chomwecho, n'kuima ndi ndowa yawo pamutu.

"Achimwene, ndiwo zimenezi mpaka kuzinyengerera?"

Kwawo mbira zimangoyendayenda m'khitchini, kudya makoko a chimanga, tsiku lina n'kulowa mumphika. Sindinawatsutse, poti ngakhale ku Peru komweko amadya, amazitcha cuy. Ndinangowauza kuti izi zili ndi maina.

Tsiku la 12 Thobwa anatuluka m'katoni ine ndili pomwepo. Anatalikitsa khosi, thupi lonse lili m'mbuyo, n'kutsomphola udzu umene ndinalowetsa pawaya, liwiro kubwerera. Ndinapirira osasuntha ngakhale chala, mwendo utachita dzanzi. Mawa lake anadyera pakhomo pa katoni, osalowa.

Chimene chafulumizitsa zinthu ndi chakudya, komanso kuti chizibwera nthawi imodzimodzi. Udzu sumachoka m'khola usana ndi usiku, chifukwa mano a mbira amakula moyo wake wonse, ndipo kutafuna udzu n'kumene kumawaperesa. Ndimakamweta chakumunsi kwa phiri la Michiru, osati m'mbali mwa msewu momwe muli utsi wa magalimoto ndi mikodzo ya agalu. Koma zokoma, monga chisoso, green pepper ndi gwafa, sizilowa m'mbale. Zimenezo zimachokera m'dzanja langa lokha. Zikuthandizanso mbali ina: mbira, ngati munthu, thupi lake silipanga lokha vitamini C, ndiye imayenera kumupeza m'zakudya tsiku lililonse. Kabichi ndimapereka pang'ono poti amatupitsa mimba, ndipo anyezi, mapeyala ndi masamba a mbatatesi sindiyerekeza n'komwe.

Pofika tsiku la 19 zinali zitadziwa phokoso la jumbo yomwe ndimasungiramo masamba. Ndikangoti khwaa, khonde lonse kwii! kwii! kwii! Mkazi wanga akuti tsopano sangatsegule buledi mwamtendere. Madzulo ena ndinaona Thobwa akudumphadumpha n'kumadzipotola m'mwamba ngati chimanga chokazinga, ndinachita mantha kuti mwina ndi khunyu. Kunali kusangalala.

Chondidabwitsa n'chakuti wolimba mtima uja, Thobwa, mpaka lero sakufuna kunyamulidwa. Amadya m'manja, amalola kumukanda pamphuno ndi chala chimodzi, koma dzanja likangolowera kumimba wathawa. Ndamusiya. Makala, amene anakhala masiku 15 osaonetsa nkhope, ndiye walola. Ndimayala chitenje chakale m'khola, akakwerapo ndimalowetsa dzanja lina pansi pa chifuwa, lina kumatako, n'kumukweza pang'onopang'ono ine nditakhala pansi, kuti akapulumuka asagwe patali. Msana wa mbira suchedwa kuvulala.

Lero wakhala pamwendo mphindi ngati zinayi. Gwafa atatha anayamba kutekeseka n'kumakoka malaya anga ndi mano. Ine ndimati ndi chikondi, kusadziwa kuti akupempha kutsika. Thalauza la kuntchito ndachita kusintha, ndipo minibasi ya 7 koloko yandisiya. Loweruka ndikufuna kusunthira khola kuseri kwa chipupa chiperoni chisanayambe, kenako ndione zikhadabo za Makala, zayamba kupindika.