Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makalata awiri ochokera ku Purdue

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinkamaliza chaka chachiwiri ku Ivy Tech ku South Bend, masana m'kalasi, usiku kufakitale ya ma RV (magalimoto okhala ndi chipinda chogonamo) ku Elkhart. Lero ndikambe za Marichi ndi Epulo 2023, miyezi imene tulo tinandithawa.

Kwa amene simukuidziwa, Ivy Tech ndi community college ya boma la Indiana. Umaphunzirako zaka ziwiri pa fizi yotsika, kenako umanyamula makrediti ako n'kukamalizira digiri kuyunivesite. Ine ndinali nditasonkhanitsa makrediti pafupifupi 60. Calculus yonse itatu ndinali nditakhoza, Chemistry ndi English chimodzimodzi, ndipo mumtima ndinkati mtsinje ndawoloka kale.

Makalata anabwera awiri, onse pa imelo, motalikirana masiku asanu ndi anayi. Yoyamba inachokera ku West Lafayette, kulikulu kwenikweni kwa yunivesite ya Purdue. Anandilandira ku Purdue Polytechnic Institute, pulogalamu ya Mechanical Engineering Technology. Yachiwiri inachokera ku Purdue Northwest, ku Hammond kufupi ndi Chicago, pulogalamu ya Mechanical Engineering. Panalinso yachitatu ya sukulu ina yomwe si yaboma, koma nditaona fizi yake ndinatseka imeloyo osabwererakonso.

Usiku umenewo ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Atamva liwu loti Polytechnic anaimba nthungululu mpaka foni inanjenjemera.

“Poly, mwana wanga? Ngati ija ya ku Chichiri?”

“Eya amayi, koma ya kuno.”

“Ndiye ukudikira chiyani? Bambo ako akanakhala moyo akanapha mbuzi lero.”

Kwa amayi, Poly ndi Poly. Ngakhale sukulu ya ku Blantyre ija inasintha dzina mu 2021 n'kukhala MUBAS, kwathu injiniya aliyense amatchedwabe kuti ndi wa ku Poly. Ndipo ineyo ndinalephera kulowa Poly pamene ndinalemba MSCE, mapointi anga sanakwane. Ndiye kalata ija inandikhudza pa chilonda chakale.

Loweruka lotsatira amalume anati tikaone sukulu ya ku West Lafayette ija. Tinanyamuka m'mawa pa galimoto yawo, ulendo wa maola awiri kudutsa minda ya chimanga yomwe inali isanadzalidwe, yathyathyathya mpaka kumene maso alekezera. Ku West Lafayette ndinasowa chonena. Nyumba za njerwa zofiira, ophunzira ngati nyerere, ena pa njinga ena pansi. Sukuluyi inayamba mu 1869, ndipo ndi komwe anaphunzira Neil Armstrong, munthu woyamba kuponda pamwezi. Kutsogolo kwa nyumba ya uinjiniya yotchedwa dzina lake kuli chiboliboli chake atakhala pansi ngati wophunzira wamba, mabuku ali pambali. Amalume anandikhazika pafupi nacho n'kundijambula. Chithunzicho anachitumiza ku gulu la banja tisanafike n'komwe pa galimoto.

Pobwerera anali ndi mawu amodzi okha. “Mwana wa mlongo wanga, Purdue ndi iyi. Zinazo ndi nthambi chabe. Munthu akapatsidwa thunthu sasankha nthambi.”

Sindinawayankhe, chifukwa nanenso ndinkaganiza chomwecho.

Chinanditembenuza ndi pepala limodzi. Lachiwiri ndinapita ku ofesi ya alangizi kukasindikiza transcript. Mayi amene anandithandiza anayala mapulogalamu awiri aja patebulo, natenga cholembera chachikasu, nayamba kudula mzere uliwonse wa phunziro lomwe ndinali nditatenga kale. Pepala la Technology linadzaza chikasu. Pa pepala la Mechanical Engineering anafika pa Physics n'kuima. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nandifunsa kuti ndinatenga Physics iti.

Kuno Physics ya chaka choyamba ili pawiri. Ina imaphunzitsidwa ndi algebra, ina ndi calculus. Ine ndinasankha ya algebra chifukwa nthawi yake inkagwirizana ndi shifiti yanga ya usiku, ndipo sindinafunse munthu. Ku Technology imawerengedwa. Ku Engineering saiwerenga, ndipo popanda Physics ya calculus sungalowe Statics, popanda Statics sungalowe Dynamics kapena Mechanics of Materials. Maphunzirowa ndi olumikizana ngati unyolo, mphete imodzi ikasowa zonse za kutsogolo zimadikira. Masemesita awiri a Physics amene ndinawavutikira ndi maso ofiira a tulo anali oti ndiwabwereze.

Mayiwo ndi amene anandifotokozera kusiyana kwa madigiri awiriwa, zimene ine ndinkaona ngati ndi kusiyana kwa liwu limodzi lokha kumapeto. Anati ABET, bungwe lovomereza maphunziro a uinjiniya ku America, silivomereza yunivesite yonse, limavomereza pulogalamu iliyonse payokha, ndipo Engineering ndi Engineering Technology zimayesedwa ndi makomiti osiyana. Wa Technology amathera nthawi yambiri pa makina enieni, kupanga, kuyeza, kuyendetsa fakitale. Wa Engineering amalowa kwambiri m'masamu, kuti athe kuwerengera chinthu chisanapangidwe. Sananyoze ina mwa izo, ndipo nanenso sindinyoza. Kufakitale kwathu munthu amene ankadziwa makina kuposa aliyense anali wa Technology, ndipo mzere ukaima tonse tinkathamangira iye.

Koma pa nkhani ya laisensi njira zimapatukana. Ku America, amene akufuna kukhala Professional Engineer (PE), injiniya wa laisensi wololedwa kusaina mapulani, amalemba mayeso oyamba otchedwa FE, amagwira ntchito kawirikawiri zaka zinayi, kenako amalemba mayeso a PE. Wa digiri ya Technology, m'mastate ena amamuonjezera zaka, m'mastate ena samulola n'komwe. Kunja kwa America ndiye nkhani ikula. Pali mgwirizano wa Washington Accord wa 1989 umene mayiko amazindikirirana madigiri a Engineering, ndipo South Africa ilimo kudzera m'bungwe lawo lolembetsa mainjiniya la ECSA. Madigiri a Technology ali ndi mgwirizano wawo wina, Sydney Accord wa 2001. Ku Johannesburg wa Engineering amalembetsedwa ngati Pr Eng, wa Technology ngati Pr Tech Eng.

Ndinatuluka mu ofesi muja ndi mapepala awiri achikasu, n'kukakhala m'galimoto kwa nthawi yaitali osailiza.

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa amene munawerenga gawo 2 mukukumbukira chigayo cha malemu bambo. Ndinakulira pa fungo la ufa wotentha ndi girisi. Ndili ndi zaka 12 ndinkadziwa kale kumasula sefa yong'ambika, kutembenuza mahamala akatha mbali imodzi, ndi kumva ndi khutu kuti beringi yayamba kulira. Kukonza ndinakuphunzira ndili mwana. Chimene sindinkadziwa, chimene bambo nawonso sankadziwa, ndi chifukwa chake shafiti inkathyokera malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Ankapita nayo kwa owotcherera, n'kubwera nayo, n'kuthyokanso pomwepo. Ndinkawafunsa, iwo n'kungoti, “Chitsulo chimatopa, mwana wanga.” Ankanena zoona, koma panalibe woti atiuze kuti chimatopa bwanji, ndi kuti shafiti ikhale yonenepa motani kuti isatope.

Ndiponso mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Ndinkaonera zithunzizo pa foni nthawi yopuma kufakitale. Mchemwali wanga, amene akuyendetsa chigayo pano, ankanditumizira mauthenga oti amayi a m'mudzi akugona pamzere ndi matumba awo kudikira magetsi a pakati pa usiku. Kuyambira pamenepo ndinkadziwa kuti tsiku lina ndikufuna kudzabwerera kumudzi ndili ndi pepala londilola kusaina pansi pa pulani ya thebaini kapena pampu, osati kungodikira kuti wina asaine ine ndimange.

Ku Hammond ndinapita ndekha, tsiku la pakati pa sabata. Ndinadzera Toll Road, kudutsa Gary, kumene ng'anjo za zitsulo za U.S. Steel zimaonekera kumbali ya nyanja ya Michigan, utsi woyera uli tolotolo. Ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane, chifukwa South Bend imatsata nthawi ya kum'mawa pamene Hammond imatsata ya Chicago. Kampasi yake ndi yaing'ono. Purdue Northwest inapangidwa mu 2016 pophatikiza Purdue Calumet ya ku Hammond ndi Purdue North Central ya ku Westville. Sindinaoneko chiboliboli choti ndijambulitse nacho. Pamalo oimika magalimoto ndinaona anthu a msinkhu wanga, ena achikulire kuposa ine, akutsika atavala nsapato za kuntchito, chikwama cha mabuku paphewa.

Mphunzitsi wina anandilola kukhala kumbuyo m'kalasi yake. Munali ophunzira osapitirira 30. Pa bolodi anajambula shafiti yokhala ndi phewa, pamene chitsulo chimachoka ponenepa kupita powonda, nazunguliza pakona pamenepo ndi choko chofiira. Anati mng'alu umayambira apa, chifukwa kona yakuthwa imasonkhanitsa mphamvu pamalo amodzi, ndipo shafiti ikamazungulira malowo amakokedwa ndi kupanikizidwa mosinthanasinthana kambirimbiri mpaka chitsulo chimagonja. Anafufuta konayo n'kuijambula yozungulira, nayamba kulemba masamu osonyeza kuti kusinthako kumachepetsa bwanji vutolo.

Ndi pomwepo ndendende pamene shafiti ya bambo inkathyokera. Masamuwo sindinawamve ngakhale theka, koma manja anga ankanjenjemera pansi pa desiki.

Kuuza amalume kunali kovuta kuposa kusankha. Ndinadikira titatha kudya nsima Lamlungu, azakhali atachotsa mbale.

“Amalume, ndaganiza zopita ku Hammond.”

Anakhala chete, akupukuta m'manja pang'onopang'ono. Kenako anafunsa ngati ndi nkhani ya ndalama, poti iwo anali okonzeka kuthandiza pa lendi. Ndinati ayi. Fizi ya ku West Lafayette kwa okhala mu Indiana sinakwere kuyambira 2013, inali $9,992 pachaka, ndipo pokhala ndi green card ndinali ndi mwayi wa thandizo la boma kudzera pa FAFSA, fomu yofunsira thandizo la fizi. Ndinatulutsa mapepala achikasu aja, ndinawauza za Physics, za laisensi, za shafiti. Pa shafiti m'pamene anadzutsa mutu, chifukwa nawonso anainyamulapo pa njinga kupita nayo kwa owotcherera asanabwere kuno.

“Ndiye ubwereza Physics yonse?”

“Eya amalume. Ina chilimwe chino, ina semesita yoyamba. Mwina ndichedwa kumaliza ndi theka la chaka.”

“Walira mvula walira matope,” anatero. “Koma amayi ako ukawauze wekha. Ine chithunzi ndinatumiza kale.”

Amayi zinawatengera masabata awiri. Ankangobwereza kuti anthu kutchalitchi anawauza kale za Poly ya ku America. Tsiku lina anangotumiza uthenga wa mawu, waufupi, kumbuyo kukumveka chigayo chikulira: “Ngati n'kumene ukaphunzire za shafiti ya bambo ako, pita.”

Ndinavomera malo a ku Hammond usiku womwewo, ndisananyamuke kupita ku shifiti. M'mawa mwake ndinalembetsa Physics ya calculus ya m'chilimwe, ya masabata asanu ndi atatu, ndipo ndinapempha bwana wanga kufakitale kuti andichotsere usiku umodzi pa sabata. Za chilimwe chimenecho, ndi momwe ndinapezera chipinda ku Hammond, ndidzakamba m'gawo 10.