Ultra 5 yadzuka, tsopano ikuyendera OpenBSD

Kompyuta yanga yakale ya Sun Ultra 5 tsopano ikuyaka yokha mpaka pa login. Makina amenewa anatuluka mu 1998, ali ndi purosesa ya UltraSPARC IIi, ndipo ankabwera ndi Solaris, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya kampani ya Sun. M'malo mwake ine ndaikamo OpenBSD ya sparc64 (ya mapurosesa a mtunduwu), yomwe ndi yaulere ndipo imatulukabe kawiri pachaka.

Kuika OpenBSD sikunavute. Pa ok, pomwe OpenBoot (kapulogalamu koyatsa makinawa) imadikirira malamulo, ndinangolemba boot cdrom, n'kumayankha mafunso. Chimene chinandigwira ndi NVRAM, chip yosunga makonzedwe a makinawo akazimitsidwa. Batire yake inamatidwa m'kati mwenimweni mwa chip, ndiye ikatha mphamvu, makinawo amaiwala hostid yake (nambala yowazindikiritsa) ndi adiresi ya Ethernet yomwe. Ndikayatsa, ankadandaula za IDPROM (gawo la NVRAM losunga manambalawa), adiresi ili ff:ff:ff:ff:ff:ff, ndipo hme0 (polumikizira Ethernet) sinkatha kulumikizana ndi netiweki. Ena amagula chip yatsopano. Ine ndinapala pang'onopang'ono pulasitiki wakuda uja mpaka tizitsulo tiwiri ta batire tinaonekera, ndinadula njira yopita ku batire yakufayo, n'kuwotcherera timawaya topita ku batire ya CR2032 yomwe ndaimata pamwamba pake. Sizooneka bwino, koma ikadzatha ndidzangoichotsa n'kuika ina. Kenako ndinalemba adiresi yatsopano ndi lamulo la OpenBoot la mkp, baiti imodziimodzi, kuyambira 8:0:20 monga maadiresi a Sun amayambira, checksum (nambala yotsimikizira kuti mabaitiwo ali bwino) pomalizira.

Sikirini sindikuigwiritsa ntchito. Mukazula kiyibodi musanayatse, zonse zimapita ku ttya (polumikizira chingwe cha serial) pa liwiro la 9600 baud, ndipo ndimazionera pa laputopu. Disiki yoyamba inkalira kwambiri moti ndaikamo ina ya IDE ya 80 GB. Yoposa 137 GB musavutike nayo, malo opitirirawo sadzaoneka.

Anzanga amafunsa kuti ndikuvutikiranji ndi chinthu chimene foni ya m'thumba imachiposa liwiro. Yankho ndinalipeza nditayesa kapulogalamu kena ka C kowerenga mafayilo, komwe pa x86 (mapurosesa a makompyuta wamba) kamayenda popanda chovuta. Apa kanagwa nthawi yomweyo, uthenga wake Bus error. SPARC, mtundu wa purosesa ya makinawa, salola kuwerenga nambala ya mabaiti anayi pa adiresi yosagawika ndi 4, pomwe x86 imangolekerera. Nditasintha mzerewo kuti ugwiritse memcpy (yokopera mabaiti), kanayenda, koma manambala anatuluka otembenuka, chifukwa SPARC ndi big-endian (imaika baiti yaikulu patsogolo) ndipo wolembayo ankaganiza kuti purosesa iliyonse imaika baiti yaing'ono patsogolo. Zolakwika ziwirizi zinali zitabisala kwa nthawi yaitali, koma makina akalewa anazivumbula madzulo amodzi. Zokonzazo ndazitumiza kwa mwini pulogalamuyo.

Msakatuli wa intaneti sindikumuyesa n'komwe, ndipo kumanga pulogalamu yaikulu kumafuna kuti uyambitse n'kupita kokagona.

Zatsala ziwiri: kufufuza timabolodi ta memore (ma DIMM a EDO) kuti RAM ifike 512 MB, ndi kuika NetBSD, mbale wake wa OpenBSD, pa disiki ina kuti ndione ngati pkgsrc, nkhokwe yake ya mapulogalamu, ili ndi zimene ndikuzisowa kuno.