Mendulo ya wogwira chingwe

Pa 5 Sepitembala 2021, pamwambo wotsekera Paralympics, masewera a dziko lonse a anthu aulumali, ku Tokyo, dzina la sukulu ya pulaimale ya konkuno linatchulidwa dziko lonse likumva. Lilongwe LEA inalandira mphoto ya I'mPOSSIBLE monga sukulu ya kunja kwa Japan yomwe inachita bwino pophunzitsa ana kuti masewera ndi a aliyense, waulumali ndi wopanda ulumali yemwe. Pamwambo womwewo Lassam Katongo, wothamanga wa ku Zambia, analandiranso ulemu wake. Ine ndimayang'anira zamasewera pasukulu ina ya kumudzi, ndipo chinandisangalatsa n'chakuti ulendo uno anthu anakumbukira aphunzitsi.

Aliyense amene anaphunzitsapo akudziwa zomwe zimachitika belu la masewera likalira. Mwana woyendera ndodo kapena wosaona bwino amauzidwa kuti akhale pansi pa mtengo azisunga nsapato ndi zikwama za anzake. Timati tikumumvera chisoni, tikuopa kuti angavulale. Koma kunena zoona, kumeneko n'kufuna kupeputsa ntchito yathu. Mphunzitsi amene amakana mwambo umenewu ndiye ndikufuna tizimutchula dzina.

Masewera a Paralympics anayambanso ndi munthu wokanika chotere. Ludwig Guttmann, dokotala wachiyuda yemwe anathawa ku Germany mu 1939, anapatsidwa wodi ya asilikali ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku Britain mu 1944. Nthawi imeneyo wovulala msana ankangogonekedwa kudikira tsiku. Iye anawadzutsa, nawapatsa mauta ndi mipira. Pa 29 Julaye 1948, tsiku lomwe Olympics inkatsegulidwa ku London, anthu 16 a panjinga za aulumali anapikisana kuponya mivi pabwalo la chipatalacho. Pofika 1960, pa Paralympics yoyamba ku Rome, kunasonkhana ochita masewera pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23.

Kwathu kuno tinachedwa. Mu 2012 othamanga athu anali okonzeka kupita ku London, koma ulendo unalephereka chifukwa ndalama sizinapezeke. Taonere Banda, yemwe ali ndi vuto la maso, ndiye anatsegula njira ku Rio mu 2016 pampikisano wa mamita 400. Anamuchotsa mumpikisanowo chifukwa anaponda kunja kwa mzere wake. Amene amaseka nkhani imeneyi akayese kaye kusunga mzere pokhota, akuthamanga ndi mphamvu zonse, maso akuona mwachimbuuzi.

Pali gulu lina limene ndimaliganizira kwambiri, la anthu othamanga pambali pa wosaona. Awiriwa amagwira kachingwe kamodzi, mapazi ayenera kuponda pamodzi, wotsogolerayo n'kumanena kuti pano tikukhota, mnzathu ali pambuyopa, limbikira. Ayenera kukhala waliwiro ngati mnzakeyo kapena kuposa, koma saloledwa kumukoka kapena kuyamba iye kudutsa mzere womalizira. Tangoganizani, kukhetsa thukuta miyezi yonseyo kuti wina apambane! Kwa zaka zambiri anthuwa ankabwerera kwawo chimanjamanja. Mamendulo anayamba kulandira mu 2012, ku London komwe ife tinalephera kufika.

Ena amati zonsezi zimalira zipangizo zodula. Zina inde, njinga ya mpikisano si yoti mphunzitsi angagule ndi malipiro ake. Koma goalball, masewera a osaona omwe anayambika mu 1946, amangofuna anthu atatu mbali iliyonse, nsalu zomanga kumaso, mpira wolira ndi oonerera odziwa kutseka pakamwa. Mpira weniweni umakhala ndi mabelu m'kati. Ife timakulunga mpira wamba mu jumbo kuti uzichita phokoso ukamagubuduka, mizere timaika chingwe chokhomerera pansi kuti ana aziyipapasa. Nzeruyi anatipatsa ndi mayi wina yemwe anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, koleji ya aphunzitsi a ana aulumali, ndipo amakwera kabaza ndi ndalama zake kudzatithandiza.

Komiti ya sukulu yavomera kuti potsekera teremu ino, pogawa makope ndi zolembera kwa ana okhoza bwino, tiitanenso mayiyu kutsogolo, pamodzi ndi mnyamata wa Sitandade 7 yemwe amathamanga ndi mnzake wosaona. Ndalama ya chikho palibe. Amfumu alonjeza nkhuku, ndipo satifiketi ndikasindikiza ndekha kuboma.