Zimene ndaphunzira posintha ma guide a bandsaw

Macheka a bandsaw ndi lamba wachitsulo wopyapyala, wa mano mbali imodzi, amene amazungulira pa magudumu awiri, lina pamwamba lina pansi. Pakati pa magudumuwo, pamene mano amakumana ndi thabwa, machekawo alibe chotsamira. Ukakankha thabwa amafuna kuthawira m'mbuyo, ukakhota amafuna kupotoka. Ma guide anaikidwa kuti aletse zinthu ziwirizi. Gulu limodzi lili pamwamba pa tebulo, lina kunsi kwake, ndipo m'gulu lililonse muli ziwiri zam'mbali zoletsa kupotoka, komanso bearing yakumbuyo, ija amisiri amati thrust bearing, yoletsa macheka kutsetsereka pa gudumu.

Kumene ndikuphunzira ukalipentala tili ndi bandsaw ya magudumu a mainchesi 14, yopangidwa potengera mtundu uja unatchuka ndi kampani ya Delta ya ku America m'zaka za m'ma 1930, umene mafakitale a ku Taiwan ndi ku China akhala akuutsanzira kufikira lero. Macheka ake ndi aatali mainchesi 93 ndi theka. Ma guide ake am'mbali anali timabuloko tachitsulo, kalikonse komangidwa ndi kabawuti kake. Tinali titadyeka moti kumaso kwake kunali timipata, ndipo bearing yakumbuyo inali itauma, macheka ataikumba mzere wozama. Teremu ino aphunzitsi anapereka ntchito yokonza zimenezi ku gulu lathu, ndipo anati tisagule kanthu tisanawafotokozere chifukwa chake.

Vuto la timabuloko tachitsulo limamveka bwino munthu akayang'anitsitsa mano a macheka. Manowo saima mzere umodzi. Amapindidwa pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti mpata umene akudula ukhale waukulu kuposa thupi la macheka, thupilo lizidutsa osapanika. Mano akangokhudza chitsulo cha guide, ngakhale kamphindi, mbali imeneyo imafumphika n'kuwongoka. Kuyambira pamenepo mbali imodzi imadya thabwa kwambiri kuposa inzake, ndipo macheka amakokera uko kuli mano akuthwa. Wodula amayamba kupendeketsa thabwa kuti atsate mzere, n'kumadandaula kuti makina ndi okalamba, pomwe cholakwika chili pa mano.

Tinawerenga za mitundu ina imene ilipo. Pali timabuloko tofewa totchedwa Cool Blocks, topangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wotchedwa phenolic wosakaniza ndi graphite (chakuda chija cha m'kati mwa pensulo), timene timatha kukhudza macheka osawatenthetsa komanso osaononga mano. Timadyeka msanga, koma umangotipala ndi sandipepa n'kutibwezera. Pali a ceramic, amene kampani ya Laguna imaika pa makina ake, olimba kwambiri ndipo amapala utomoni pa macheka, ngakhale nthawi zina amatulutsa timoto ndipo mano akawakhudza zatha. Ndiye pali a ma bearing, amene amatchuka kwambiri ndi kampani ya Carter Products ya ku Grand Rapids, m'chigawo cha Michigan. Awa ndi amene anzanga ambiri anawakonda atangowaona pa intaneti, ndipo sindikuwadabwa, chifukwa amaoneka bwino ndipo munthu amaganiza kuti chozungulira chiyenera kuposa chokhula.

Ine ndinayamba kukayika titachita masamu. Bandsaw yodula matabwa ya kukula kotere imathamangitsa macheka pafupifupi mamita 900 pa mphindi. Bearing ya nambala 608, imene imapezeka mosavuta m'mashopu a zipangizo, ndi ya mamilimita 22 kunja, 8 mkati ndi 7 m'lifupi, kutanthauza kuti ikazungulira kamodzi yayenda mamilimita pafupifupi 69. Ikamakhudza macheka nthawi zonse ndiye kuti ikuzungulira maulendo oposa 13,000 pa mphindi, ili m'kati mwa utuchi. Ndiye muganize matabwa amene timadula tsiku ndi tsiku: paini wa ku Chikangawa, nthawi zambiri asanaume bwino, utomoni uli ndandanda. Kabuloko kamapala utomoniwo, pomwe bearing imaudinda pa macheka n'kuusandutsa chikhungwa cholimba. Chikhungwacho chikakula, mpata umene unausiya umatha, phokoso limayamba, bearing n'kutentha. Pali chinanso chimene sichioneka msanga. Popeza bearing ndi yozungulira, imakhudza macheka pakati pake pokha, ndiye malo ogwirawo amakhala kutali ndi thabwa kusiyana ndi kabuloko kamene kamagwira mpaka kunsi kwake.

Sindikunena kuti ma bearing ndi achabe. Pong'amba thabwa lokhuthala la mlombwa kapena mbawa ndi macheka a theka la inchi, a mano 3 pa inchi, amagwira bwino ndipo satha msanga ngati timabuloko tofewa. Koma kuitanitsa zida zimenezi kunja kumafuna ndalama zakunja ndi kudikira, ndiye tinagwirizana kuchita mwina. Pamwamba tinaika ma bearing a 608, ndipo anzathu a zitsulo anatisulira timitengo tokhazikapo pa makina awo otchedwa lathe, toyenera m'mabowo a timabuloko takale. Tinasankha a 2RS, otsekedwa ndi labala mbali zonse ziwiri, chifukwa a ZZ otsekedwa ndi kachitsulo amakhala ndi kampata kamene fumbi la matabwa limalowera. Bearing yakumbuyo inali ya nambala 6200, ndipo tinangogula ina yofanana nayo, pamwamba ndi pansi pomwe.

Kunsi kwa tebulo sitinaikeko ma bearing am'mbali. Utuchi wonse umene mano akoka m'thabwa umakagwera kumeneko, ndipo ndi malo amene munthu saweramako kawirikawiri. Tinapanga timabuloko tamtengo kuchokera ku tizidutswa ta phingo timene tinapempha kwa osema ziboliboli. Amisiri akale a ku Ulaya ndi ku America ankagwiritsa ntchito mtengo wa lignum vitae pa ntchito yomweyi, chifukwa ndi wolemera ndiponso uli ndi mafuta akeake, ndipo phingo ali ndi khalidwe loyandikana nalo. Mtengowu ndi wotetezedwa: phingo ndi wa mtundu wa Dalbergia, ndipo mu 2017 analowa pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, choncho zotsala za osema n'zokwanira, palibe chifukwa chogwetsera mtengo. Tinadula timabulokoto kuti mutu wa mtengo, kumene mizere yake imathera, ndiwo uyang'ane macheka, popeza mbali imeneyo sidyeka msanga. Mano akakhudza phingo amangodzikumbira kanjira, iwo osavulala.

Titamanga zonse, aphunzitsi anatiuza kuti tibwezere macheka akale aja n'kudula. Anakokerabe kumanzere monga kale, ngakhale ma guide anali atsopano. Kenako anatulutsa macheka atsopano. Tinamasula ma guide onse kuti asakhudze chilichonse, tinakoka macheka mpaka analimba, n'kuzungulitsa gudumu ndi dzanja, uku tikupendeketsa gudumu lapamwamba pang'onopang'ono kufikira macheka atakhazikika pakati pa labala wa gudumulo osayendayenda. Tinaika sikweya pa tebulo kuti tione ngati laima molunjika ndi macheka. Ma guide anabwera komalizira, ndipo thabwa lomwe lija linadulika motsata pensulo popanda kulimbana nalo. Aphunzitsi sanalankhule zambiri, anangotipatsa zidutswa ziwirizo kuti tizisisite ndi zala. Ichi ndicho chandikhala kwambiri m'mutu pa ntchito yonseyi: macheka akuthwa, okokedwa bwino ndi okhala pamalo pake, amadula molunjika mwa iwo okha. Guide ili ngati dzanja la munthu amene akuphunzitsa mwana njinga, limakhala pafupi kudikira kuti njinga ikapendekeka ligwire. Ikayamba kukankha macheka kuti iwaongole, ndiye kuti pali china chimene chalakwika kale.

Kuika mipata ndiye kunatitengera nthawi, ndipo ndi pamene ndinasangalala kwambiri. Pulagi imayamba yazulidwa kukhoma. Kuzimitsa switch kokha sikokwanira pamene zala zili pa mano. Ma guide am'mbali amabwera kutsogolo mpaka atafika kuseri kwa timaenje tapakati pa mano, osapitirira, ndipo umasiyako pang'ono chifukwa podula macheka amabwerera m'mbuyo. Mpata wa pakati pa guide ndi macheka ndi wa kukhuthala kwa pepala la m'kope, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Umapinda kapepala kuzungulira kumbuyo kwa macheka, n'kukankha ma guide onse awiri mpaka atakakhudza mofatsa, kenako kumanga. Apa pali kachinyengo kena. Kabawuti kakamalimba kamakankha guide pang'ono, moti mpata umene unali bwino umatsekeka pa kupotokola komaliza. Ndinaphunzira kugwira guide ndi chala chachikulu, kumanga theka, kukoka kapepala kuti ndimve ngati kakutuluka mokhula pang'ono chabe, kenako kumaliza. Bearing yakumbuyo imasiyidwa pafupifupi mamilimita 0.4 kuchokera kumsana kwa macheka. Makina akamayenda opanda thabwa isamazungulire, izingoyamba thabwa likakankhidwa. Ikamalira nthawi zonse, msana wa macheka umatentha n'kuyamba timing'alu.

Ukatha, umazungulitsa gudumu ndi dzanja mpaka macheka onse atadutsa, khutu lili tcheru. Pali malo amodzi pamene lambayo anawotcheredwa kuti akhale wozungulira, ndipo ngati pamenepo pali potupa umamva kaphokoso kogogoda pa guide iliyonse. Polumikiza pamenepa ndi pomwe panachedwetsa bandsaw kuyambira kale. William Newberry analandira patent ya makinawa ku England mu 1809, koma macheka ankaduka polumikizira, mpaka mayi wina wa ku France, Anne Paulin Crepin, anapeza njira yowotcherera yolimba mu 1846. Macheka athu anali ndi kachitupsa kakang'ono, ndipo tinakasalaza ndi mwala wonolera. Ndi mwala womwewo aphunzitsi anazunguliza ngodya ziwiri zakumsana kwa macheka, kuti azikhota mosavuta komanso asamakumbe bearing yatsopano.

China chimene tinapeza n'chakuti chitsulo chonyamula ma guide apamwamba sichiyenda molunjika kwenikweni. Ukachikweza kuti udule thabwa lokhuthala, mipata imasintha pang'ono, mbali imodzi n'kuyamba kukhudza. Pa makina a mtundu uwu zimachitika, ndipo njira yake ndi kuyang'ananso mipata nthawi iliyonse ukasintha kwambiri kutalika. Chitsulocho chiyenera kutsitsidwa mpaka ma guide atakhala pafupifupi mamilimita 6 pamwamba pa thabwa. Ndimaona anthu m'mashedi a matabwa akudula kathabwa kopyapyala guide ili kumwamba, mano a utali wa chikhatho ali poyera, ndipo mtima umandipweteka, chifukwa pamenepo macheka akupotoka momasuka komanso dzanja lilibe chotchinga.

Pa macheka ang'onoang'ono odulira mokhota, a gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi, ma bearing alibe pogwira, popeza kuseri kwa mano kumatsala kachitsulo kochepa kwambiri. N'chifukwa chake tinasema timabuloko tina tiwiri ta phingo ta pamwamba, timene timalowa m'malo mwa ma bearing tsiku lodula miyendo yokhota ya mipando. Timeneto timatha kukumbatira macheka onse, ndi mano omwe. Bulugamu ndiye amavuta mwa njira yakeyake: amatseka mpata kumbuyo kwa macheka n'kuwapana, ndipo pomubweza thabwa amatha kukoka macheka kutsogolo kuwachotsa m'ma guide, chifukwa kutsogolo kulibe chowaletsa. Zikatero timazimitsa makina, kudikira aime, kukhoma kamtengo kosongoka mu mpatamo, kenako kubweza thabwa.

Masiku odula paini tikupukuta ma bearing apamwamba ndi kansalu ka palafini tisanaweruke, ndipo utomoni ukuchoka usanaume. Timabuloko tapansi tayamba kusalala n'kuwala kumaso, koma mpata sunasinthe. Utuchi ukumatirirabe pa labala wa gudumu lapansi, ndipo ukaunjikana umasuntha macheka pamalo pake, ma guide onse n'kusokonekera. Ntchito imene tapatsidwa sabata ikubwerayi ndi kumangirira kaburashi kolimba m'kati mwa chitseko chapansi kuti kazisesa labalayo gudumu likamazungulira.