Loweruka ku gombe la Wanuwuy

Lero sindinapite kuntchito, ndiye ndinatsagana ndi anzanga kukatola zinyalala ku Wanuwuy, komwe mapu amati Cape Arnhem, kuno kumpoto kwa Australia. Tinanyamuka m'tauni ya Nhulunbuy dzuwa lisanakwere, kutsogolo kuli alonda a zachilengedwe a bungwe la Dhimurru. Bungweli analiyambitsa mu 1992 ndi eni nthaka, anthu a mtundu wa Yolŋu, omwe ndi ena mwa Aaborijini, nzika zoyambirira za Australia, ndipo mlendo saponda magombe amenewa popanda chilolezo chawo.

Mabotolo ndi mapatapata ndinaziyembekezera. Chandiwawa ndi maukonde. Amataika ku zombo za asodzi kutali m'nyanja ya Arafura, n'kumayandama akukola chilichonse, mpaka mphepo itawakankhira kumtunda. Wina tinaupeza utakwiririka mumchenga, wolemera moti anachita kuukoka ndi galimoto. M'kati mwake munali chigoba cha kamba. Kamba wa m'nyanja amapuma mpweya ngati ife, ndiye akakodwa pansi pa madzi amamira. Mwa mitundu 7 ya akamba a m'nyanja padziko lonse, 6 imapezeka m'madzi ano.

Pa nkhomaliro nkhani inafika pa kafukufuku. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, a Dhimurru ndi asayansi a ku yunivesite ya ku Darwin anamata tizida ta setilaiti pamsana pa akamba obiriwira omwe anali atangoikira mazira. Akambawo analowera kummwera, m'kati mwa chigawo cha nyanja chotchedwa Gulf of Carpentaria, kukadya udzu wa pansi pa nyanja m'madzi a mafuko ena a Aaborijini. Apa zinaonekeratu kuti fuko limodzi silingawasunge palokha, liyenera kukambirana ndi anansi.

Mnzanga wina zinamuvuta atamva kuti a Yolŋu amadya kamba ndi mazira omwe, ndipo lamulo la Native Title la 1993, lokhudza ufulu wa eni nthaka, limawalola. Ine sizinandivute. Ndinakumbukira chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe amatseka usodzi ndi mfumu, ndipo omvera lamulolo ndi asodzi omwewo. Amene amadalira kamba pa chakudya ndi pa miyambo ndiye amayamba kuona zisa zikachepa pagombe, wasayansi asanatsike n'komwe ndege.

Tisanabwerere, alonda anayeza kukula kwa maso a ukonde uja n'kulemba mtundu wa ulusi wake m'kaundula, kuti adziwe usodzi womwe unachokera. Panopa msana ukuwawa ndithu.