Ogwira ntchito m'mabodi a madzi, dziwani mphamvu zanu

Anzathu a ku Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board ndi mabodi a m'zigawo zitatu, lamulo la Labour Relations Act la 1996 likuti bungwe la ogwira ntchito likakhala ndi mamembala osachepera 20 pa ogwira ntchito 100 aliwonse pamalo a ntchitopo, abwana ayenera kukhala nalo pansi n'kukambirana. Choncho yambani ndi kaundula wa mamembala, wosainidwa bwino. Kaundula akasokonekera, abwana amapezerapo pokanira.

Pokambirana musamangirire pa malipiro okha. Lembetsani za ovataimu ya usiku paipi ikaphulika, zodzitetezera za ogwira klorini, ndi alawansi ya owerenga mamita amene amayenda tsiku lonse padzuwa. Zapakamwa zimauluka, zonse zilowe m'pangano losainidwa.

Pa sitiraka samalani kwambiri. Mkangano umayamba wapita ku Unduna wa Zantchito kuti akuyanjanitseni, kenako zikakanika mumapereka chidziwitso cha masiku 7 sitiraka isanayambe. Komanso lamulo limaletsa sitiraka pa ntchito zimene zikaima moyo wa anthu ungakhale pachiswe, ndipo madzi akaphwa m'mipope ku Ndirande, kolera sachedwa. Mukakanika kumvana, nkhaniyo ipite ku khoti loona milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, muli ndi makalata onse m'manja.