Golide wa Theodoric, nkhope ya mfumu ina

Lachiwiri, ku Ravenna, m'dziko la Italy.

Kwacha ndi mvula yamawawa, ndiye m'mawa wonse ndinabisala m'tchalitchi cha Sant'Apollinare Nuovo, chimene Theodoric, mfumu ya Aostrogoth (nthambi ya mtundu wa Agoth), anamangitsa pafupi ndi nyumba yake yachifumu. Pakhoma pali chithunzi cha nyumbayo chopangidwa ndi timiyala tating'onoting'ono. Ufumu wa Agoth utagwa, anthu amene anajambulidwa ataima pakati pa zipilala anawafufuta n'kuikapo makatani, koma manja ena anatsalira pazipilalapo, zala zokhazokha zopanda eni ake.

Masana ndinalowa m'kasitolo ka ndalama zakale. Eni ake, bambo achikulire ndithu, ataona kuti ndachedwa pagalasi, anatulutsa kandalama kagolide n'kundipatsa galasi lokulitsa zinthu. Ndi kakang'ono ngati chikhadabo, kolemera pafupifupi magalamu 1.5. Dzina lake ndi tremissis, gawo limodzi mwa magawo atatu a solidus, ndalama yaikulu imene ankasula 72 pa paundi imodzi yachiroma. Mbali ina pali mutu wa mfumu ndi dzina lakuti ANASTASIVS. Kuseri kuli mkazi wamapiko woimira chipambano, pansi pake zilembo COMOB zosonyeza kuti golideyo ndi woyengeka.

Anandiuza kuti kandalamako sikanasulidwe ku Constantinople kumene Anastasius, mfumu ya Aroma, ankalamulira, koma konkuno ku Italy, pansi pa Theodoric. Apa m'pamene mutu wanga unaima. Munthu amene analowa m'dziko lino mu 489, n'kupha Odoacer, yemwe ankalamulira Italy, ndi dzanja lake mu 493, n'kulamulira mpaka 526, anali ndi asilikali, misonkho ndiponso malo osulira ndalama ku Rome, Ravenna ndi Milan. Komabe pagolide anasiyapo nkhope ya mnzake wa kutsidya la nyanja. Pa ndalama zina zokha m'pamene pali kachizindikiro ka zilembo za dzina lake zolukanalukana, kobisala kumapeto kwa mawu.

Ena amazitcha ndalama zokopera, ngati kuti zinali zachinyengo. Ine sindikugwirizana nazo. Golide wake ndi weniweni, kulemera kwake n'koyenera, ndipo zinkasulidwa poyera. Theodoric ankadziwa kuti wamalonda wa ku Alexandria kapena ku Marseille amakhulupirira nkhope ya mfumu ya Aroma, ndiponso kuti kuika yake kukanakhala kuputa njuchi. Mfumu ya Afulanki, Theudebert, itayesa kuika dzina lake pagolide patapita zaka, wolemba mbiri Procopius anaona ngati mwano waukulu. Nkhope ya Theodoric pagolide imadziwika pa chinthu chimodzi chokha, mendulo yolemera ngati masolidus atatu imene inapezeka pafupi ndi Senigallia mu 1894, ndipo imasungidwa ku Rome.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya Totila, mfumu ina ya Agoth ya pambuyo pake. Justinian, mfumu ya Aroma ya nthawiyo, atayambitsa nkhondo yolanda Italy mu 535, Agoth anapitirizabe kwa kanthawi kusula golide wokhala ndi dzina la mdani wawoyo. Kenako Totila analichotsa. Koma sanaikepo lake. Anabwezeretsa la Anastasius, yemwe anali atamwalira kale mu 518, mfumu imene inavomereza ulamuliro wa Theodoric. Pakati pa njala ndi mizinda yozingidwa, munthuyu ankauza aliyense wolandira ndalamayo kuti sakukana ufumu wa Aroma, akukana Justinian yekha. Anafera kunkhondo mu 552, ndipo Teia amene analowa m'malo mwake anachitanso chimodzimodzi.

Ndinabweza kandalamako ndi manja awiri, ndipo bambo aja anakapukuta ndi kansalu asanakabwezere m'bokosi. Madzulo mvula inakata. Mawa ndilawirira kumanda a Theodoric, ndikaone denga lija losemedwa pa mwala umodzi wokha.